Mawu Ochokera Pansi pa Zenera

Priska anali atagona zaka zitatu pamene nkhondo ya ku Mozambiki inayamba kuwolotsa anthu mtsinje wa Shire. Sikunali kugona kwa munthu wodwala mwakayakaya. Ankadzuka, ankasesa pang'ono pakhomo atatsamira tsache lalitali, ankayenda yekha ndi ndodo mpaka kuseli kwa nyumba. Koma akakhala pansi kapena kuimirira nthawi yoti mphika wa mbatata upse, msana unkayamba kuyaka, ndipo ankabwerera pamkeka wake pansi pa mtengo wa masau, n'kugona chammbali atapinda bondo limodzi.

Kale anali mayi wa geni ya nsomba. Ankagula milamba yowamba kwa asodzi a m'dambo la Dinde, n'kuilongedza m'madengu, n'kukwera nayo sitima pa Nsanje mpaka ku Limbe. Anthu a m'sitimamo ankamudziwa ndi pakamwa pake, chifukwa ankayankhula Chisena ndi uyu, Chimang'anja ndi uyo, komanso Chipwitikizi chothyokathyoka chimene anatola kwa mayi ake, omwe anabadwira kutsidya. Kenako msana unayamba. Poyamba ankati ndi madengu aja. Atafika polephera kudzuka, mwamuna wake Geresomo anapita naye kuchipatala cha paboma, kumene anamuuza kuti ndi chifuwa chachikulu, koma chalowa m'mafupa a msana. Anabayidwa jakisoni miyezi yambiri. Matendawo anatha, koma anamusiya atawerama pang'ono ngati munthu wofuna kutola kanthu pansi, ndipo ululu sunachoke.

Masiku a pansi pa masau ankafanana onse. Dzuwa la kuchigwa likakwera, mpweya unkanjenjemera pamwamba pa mchenga, ndipo phiri la Morumbala kutsidya linkaoneka ngati layandama, losakhudza pansi. Priska ankaliyang'ana mpaka osadziwanso ngati ali maso kapena akulota. Nthawi zina ankamva sitima ikulira kutali n'kupezeka ali m'kati mwake, fungo la nsomba ndi utsi lili m'mphuno, akuseka ndi mayi wina wa ku Luchenza amene ankagulitsa nthochi pazenera. Kenako mbuzi inkadzikanda pamtengo, masau n'kumugwera pamkono, iye n'kubwerera pamkeka pake. Ana ake aakazi awiri anali pabanja, Rosa ku Nchalo, mng'ono wake ku Bangula. Geresomo ankalawirira kumadzi ndi bwato lake, ndipo pobwera ankafunsa funso lomwelo, kuti lero thupi lili bwanji. Iye ankayankha kuti liliko. Chimene sankanena n'chakuti ululuwo anali ataphunzira kukhala nawo. Chimene chinkamudya mumtima chinali choti dzuwa linkatuluka mpaka kulowa popanda munthu wofuna kanthu kwa iye.

Kamodzi pamwezi ankapita kukatenga mapiritsi pachipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Njinga sankaifuna, chifukwa dzenje lililonse la mumsewu ankalimva mpaka m'mano. Choncho Geresomo ankayala udzu m'bwato, n'kumugoneka mmenemo, n'kupalasa pang'onopang'ono m'kamtsinje kotuluka mu Shire kamene kankadutsa kumunsi kwa chipatalacho. Pamadzi pokha ndi pamene msana wake sunkadandaula za ulendo.

Tsiku lina la mwezi wa Okutobala, chaka cha 1986, anapeza bwalo la chipatala litadzaza anthu amene sanawaonepo. Anali othawa nkhondo, owoloka sabata yomweyo. Anakhala mumthunzi uliwonse umene unalipo, mitolo ili pamiyendo, mapazi atang'ambika, ndipo ngakhale ana sankachita phokoso. Mzere wa odwala unazungulira nyumba yonse. Priska anadziwa kuti sangaimepo, choncho anauza Geresomo kuti akamudikire kubwato, iye n'kuzungulira kuseli, kumene khoma linkapereka kamthunzi. Anayala chitenje n'kugona pansi pa zenera lotsegula.

Zeneralo linali la chipinda chimene ankaoneramo odwala. Amene ankagwira ntchito mmenemo anali bambo Symon Kalilangwe, ochokera ku Ntchisi, amene anali atangofika kumene mwezi wapitawo. Anthu ankangowatcha adokotala. Priska anatseka maso, ndipo mawu a m'chipindamo ankamudutsa pamwamba ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Anamva mayi wina akuyankhula Chisena cha kutsidya, motsitsa, akubwereza mawu omwewo: "Ndisabva kupha." Anamvanso adokotala akufunsa mofatsa, m'Chichewa chawo chakumtunda, kuti akumva kupha kotani, akuphedwa ndani, kodi amamva zimenezi ali maso kapena kutulo. Mayiyo anabwerezanso. Adokotala anapuma mozama n'kuuza munthu wina m'chipindamo kuti mayiyu mutu wasokonezeka ndi zimene anaona kunkhondo, amupatse mankhwala ogonetsa.

Priska sanaganize n'komwe. Anangomva pakamwa pake patatseguka.

"Adokotala, sakunena za nkhondo ayi. Akuti akumva kuwawa. Kuno kupha ndi kupweteka."

Kenako mutu wa a Kalilangwe unatulukira pazenera, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kumaliza ndi pansi.

"Ndinu ndani, mayi?"

"Ndine wodwala wanu. Ndabwerera mapiritsi a msana."

"Tandifunsireni kuti pakuwawa ndi pati."

Priska anafunsa ali chigonere, akuyankhula ndi khoma. Mayi wa m'katiyo anati dzina lake ndi Magdalena, ndipo pakupweteka ndi m'munsi mwa mimba. Priska sanalekere pomwepo. Anafunsa ngati ululuwo ukubaya ngati munga, kapena ukupota ngati munthu akufinya nsalu yonyowa, kapena ukungotentha ngati khala loiwalika m'phulusa. Anafunsa ngati umabwera n'kupita, kapena umangokhala. Mafunso amenewa sanawaphunzire kulikonse. Anali atakhala zaka zitatu akumvetsera thupi lake lomwe. Magdalena anayankha limodzi ndi limodzi, ndipo pamapeto pake zinatuluka zoti anaberekera m'thengo ali paulendo, mwana sanakhale moyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo thupi linkatentha ndi kutaya magazi. A Kalilangwe anasiya zamankhwala ogonetsa zija. Anamubaya jakisoni n'kulemba kalata yoti galimoto ikabwera apite naye kuboma tsiku lomwelo.

Atatuluka Magdalena analowa wina, kenako winanso. Nthawi iliyonse mawu akavuta, adokotala ankangoti, "Mayi a pansi pa zenera," ndipo Priska ankayankha. Mthunzi wa khoma unafupika mpaka kumusiya mapazi padzuwa, iye osazindikira. Geresomo atatopa kudikira anabwera kudzamufuna, n'kumupeza akuyankhula yekha ndi khoma la chipatala, manja akulozaloza m'mwamba. Anaima patali kanthawi, akuganiza kuti dzuwa lamuzunguza mutu mkazi wake.

Pomupatsa mapiritsi ake, a Kalilangwe anamupempha kuti abwerenso mawa lake. Priska anawafotokozera kuti iye sangakhale pampando, sangaimirire, ndipo masiku ena sangathe ngakhale kutembenuka.

"Sindinanene kuti mudzakhale pampando," anatero a Kalilangwe. "Ndati mubwere."

Pobwerera Geresomo anamugoneka m'bwato n'kuyamba kupalasa. Atayandikira kwawo ananena kuti anthu adzati iye walephera kudyetsa mkazi wodwala mpaka akumutuma kuganyu. Ananenanso kuti m'mawa ndi nthawi ya nsomba, ndipo bwato ndi limodzi. Priska sanatsutse. Anangoti lero kuyambira m'mawa mpaka masana anaiwala kuti ali ndi msana, ndipo waukumbukira tsopano lino polowa m'bwato. Geresomo anayang'ana madzi. Atakocheza anamuthandiza kutuluka, n'kunena ngati akuyankhula ndi nkhafi yake kuti m'kamtsinjemo namonso muli nsomba, atha kumatchera miono m'mbali mwake popita n'kumaonjola pobwera.

Umu ndi mmene ntchito inayambira. A Kalilangwe analowetsa benchi yaitali m'chipinda chawo, n'kuyalapo mkeka ndi bulangete, n'kuikankhira kukhoma. Priska ankagona pamenepo chammbali, nkhope italoza kwa wodwala, adokotala ali kumutu kwake ndi cholembera. Odwala atsopano ankadabwa kulowa n'kupeza munthu wina atagona kale. Ena ankafuna kutuluka kuti adikire. Iye ankawapatsa moni m'chiyankhulo chawo, n'kufunsa kumene achokera, ndipo akatchula Mutarara kapena Megaza nkhope zawo zinkamasuka pang'ono.

Maulendo a m'mawa aja ndi amene Priska ankawakonda koposa. Ankanyamuka dzuwa lisanapse, nkhungu yopyapyala ikadali pamadzi. Ali chigonere m'bwato sankaona gombe kapena midzi, ankangoona nsonga za bango zikudutsa chammbuyo, ndi thambo, ndi akakowa akuuluka motsika moti ankamva mapiko awo. Namasupuni ankakhula m'mbali mwa bwato ndi kaphokoso konga ka munthu wopeta mapira kutali. Nthawi zina ankasinza, ndipo mawu a odwala a dzulo ankabwera n'kumayandama naye limodzi, a Chisena kumanzere, a Chichewa kumanja, iye ali pakati. Geresomo akaima kuti amize mono, bwato linkazungulira lokha pang'onopang'ono, mitambo nayo n'kuzungulira, ndipo Priska ankamva ngati thupi lake lalemera mofanana ndi tsamba.

Koma ululu sunapite kulikonse. Masana ena ankatuluka m'chipindamo milomo itauma, miyendo itachita dzanzi, ndipo Geresomo ankachita kumunyamula kuchoka pakhonde mpaka kumadzi. Mvula itayamba mu Disembala zinthu zinaipa. Chinyezi chinalowa m'mafupa, ndipo m'mawa wina atayesa kudzuka anamva ngati wina wamukhoma msomali pakati pa msana. Sanapite tsiku limenelo, kapena lotsatira. Anagona m'nyumba masiku khumi ndi awiri, akumvetsera madontho akugwa kuchoka padenga la udzu, akuona kuwala kwa pakhomo kukuyenda pansi kuchoka kukhoma lina kupita kulina. M'maloto a masana ankamva adokotala akumuitana, iye akuyesa kuyankha koma mawu osatuluka.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Geresomo anabwera ndi nkhani. Kunabwera bwana wina wochokera kuboma pagalimoto, woyang'anira zothandiza othawa nkhondo, ndipo anati chipatalacho chiyenera kukhala ndi womasulira wolembedwa bwinobwino. Anapeza a Lorenso, mphunzitsi wopuma ntchito, odziwa Chipwitikizi cha m'mabuku ndi Chingerezi chomwe, amene ankabwera pa njinga atavala tayi. Geresomo ananena zimenezi akuyang'ana kumbali. Priska anati n'zabwino, anthu aja asavutike. Atatero anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Atapezako bwino anapita kuchipatala chifukwa mapiritsi anali atatha, osati chifukwa china. Sanafune kulowa m'chipinda chija. Anapatsa Geresomo kapepala kake kuti akaime pamzere, iye n'kukagona pansi pa mtengo wa nsangu kumapeto kwa bwalo, atafunda chitenje kumaso.

Anamva wina akumugwira phazi. Anali mayi wowonda, wamaso akuluakulu, amene Priska sanamudziwe mpaka atayankhula. Anali Magdalena. Tsiku loyamba lija sanaonane nkhope, koma Magdalena anali atafunsa kwa anthu za mayi wowerama woyenda ndi ndodo, ndipo kuyambira pamene anatuluka m'chipatala cha paboma masiku ochepa apitawo ankabwera kudzamufunafuna. Anagwada n'kunena kuti takhuta, kuthokoza kwa Chisena, kawiri konse. Kenako anadzuka n'kupita kumzere, ndipo pobwera anali ndi amayi anayi. Anakhala mozungulira Priska n'kuyamba kumuuza, motsitsa mawu, zinthu zimene anali nazo m'thupi. Wina anali ndi chotupa m'bere. Wina mkodzo unkangotuluka wokha chibadwire mwana wake. Onse anali atalowapo kale kwa adokotala sabata imeneyo, ndipo onse, ataona bambo wa tayi ataima pambali, ananena kuti mutu ukuwawa, n'kulandira mapiritsi a mutu.

Amene anawaona koyamba anali a Lorenso, atatuluka kudzaitana wodwala wotsatira. Anaima pakhonde nthawi ndithu akuyang'ana kagulu ka pansi pa nsangu, kenako analowa n'kutuluka ndi a Kalilangwe. A Lorenso anali munthu wachilungamo. Anauza adokotala pamaso pa onse kuti iye angathe kumasulira chilichonse chimene munthu wanena, koma chimene munthu sananene alibe nacho chochita, ndipo amayiwa kwa iye sanena.

A Kalilangwe anagwada pafupi ndi mkeka wa Priska n'kufunsa chifukwa chimene sanatumize uthenga. Priska anati anamva kuti malo adzaza. Anawonjezera kuti ngakhale akanakhala osadzaza, iye sangalonjeze kanthu, chifukwa msana wake suuza munthu za mawa.

"Masiku amene mungathe ndi angati?" anafunsa a Kalilangwe.

"Mwina atatu pasabata. M'mawa mokha. Ndipo ena mwa atatuwo ndidzalephera."

"Mukalephera, amayiwa adzadikira tsiku lotsatira. Panopa akudikira popanda tsiku."

Bwana wa kuboma uja atabweranso, nkhani inavuta pang'ono. Anafunsa khadi la chipani, ndipo Priska analimasula pamfundo ya chitenje chake. Anafunsa satifiketi ya sukulu, ndipo analibe, poti analekera Sitandade 3. Bwanayo anati pamapepala ake womasulira ndi mmodzi, ndipo ayenera kukhala wophunzira. Anatembenuza mapepalawo kangapo, a Kalilangwe ndi a Lorenso atamuimirira uku ndi uku, mpaka anapeza malo amodzi a ntchito opanda munthu. Anamulemba Priska ngati wokolopa m'chipatala. Atamuwerengera zimenezi, Priska anaseka mpaka msana unamubaya, ndipo analemba dzina lake pang'onopang'ono, pepala litatsamira pabenchi, iye ali chigonere. Sanakolopepo ngakhale tsiku limodzi. A Lorenso ankathandiza abambo ndi zamakalata, ndipo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa ankatulutsa mpando wawo pakhonde, amayi n'kumalowa.

Priska anagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka anthu aja atayamba kubwerera kwawo. Panali miyezi imene ankapita masiku onse atatu, panalinso mwezi wathunthu umene sanapondeko. Sanachire, ndipo palibe amene anamulonjeza kuti adzachira.

Mwa anthu onse amene anadutsa m'chipindamo, amene Priska ankamukumbukira kwambiri anali mayi wina dzina lake Imelda. Anabwera ndi apongozi ake aakazi, amene anati chiwolokereni mtsinje miyezi iwiri yapitayo Imelda sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Ankadya akapatsidwa, ankayenda akagwidwa dzanja, basi. A Kalilangwe anamuyeza m'maso, m'kamwa ndi pachifuwa, osapeza kanthu. Priska anamupatsa moni, anamufunsa za kwawo, anayesa Chipwitikizi, koma Imelda ankangoyang'ana pakhoma. Kunja kunkatentha kwambiri moti malata ankalira okha. Adokotala anapempha apongozi aja kuti akadikire panja, ndipo atatuwo anatsala m'chipindamo, ntchentche imodzi ikuzungulira botolo la mankhwala.

Patapita nthawi maso a Imelda anatsika kuchoka pakhoma n'kufika pa Priska. Anayang'ana ndodo yotsamira pabenchi, bondo lopindika, thukuta la pamphumi. Ndiyeno anafunsa ndi mawu okhakhala, ngati a munthu amene wangodzuka kumene, kuti kodi mayi inu mukudwala kapena muli pantchito.

"Zonse ziwiri," anayankha Priska.

Imelda anaganiza. Kenako anatsika pampando, n'kuyala chitenje chake pasimenti pafupi ndi benchi, n'kugona chammbali moyang'anana ndi Priska, nkhope zawo zitatalikirana ngati mkono umodzi. Anayamba kuyankhula. Anayambira kutali, pa munda wake wa mapira ndi tsiku limene anaufesa, ndipo ankapita pang'onopang'ono, osadumpha kanthu. Mawu ake anali otsika moti a Kalilangwe sankamva bwino. Anadikira, cholembera chili m'manja, kenako anawerama n'kufunsa monong'ona kuti akuti chiyani.

Priska anakweza dzanja pang'ono osachotsa maso pa Imelda. "Dikirani, adokotala. Sanafike pa nkhani yeniyeni."

A Kalilangwe anaika cholembera pansi. Anapita pakhomo n'kuuza a Lorenso kuti odwala otsala awatengere kuchipinda chobayira jakisoni, akawaonera kumeneko. Anatuluka n'kukoka chitseko mosapanga phokoso, ndipo amayi awiriwo anatsala atagona m'chipindamo mpaka dzuwa litapendeka.